Mpunga wake mumaudya, koma ku Chama simunapondeko

Mwezi ukatha, malipiro akalowa, magulu a WhatsApp a mu Lusaka amadzuka ndi funso limodzi lomwe lija: "Manje weekend ino tiyenda kuti?" Mayankho ake mumawadziwa pamtima. Wina ati Siavonga, wina ati Livingstone, wa thumba lopepuka ati tingokumana pa East Park kapena tikadye matebeto ku Thornpark basi. Wina akatchula Munda Wanga, anzake amamuseka kuti kumeneko tinapita na sukulu tili mu giredi 5. Kum'mawa kumakumbukika kawiri pa chaka, mu February pa Nc'wala ku Mtenguleni ndi mu August pa Kulamba ku Mkaika. Mapu a kokasangalala a mwana wa mu tauni amathera pa Chipata, akatalika kwambiri ndiye pa Mfuwe.

Tsopano tsegulani kabati ya m'khitchini mwanu. N'kutheka kuti muli kathumba ka mpunga kolembedwa kuti Chama. Pa Soweto, mayi wogulitsa mpunga pa meda akaona kuti mukunyinyirika ndi mtengo amangotapa pang'ono m'manja n'kukuyandikizirani kumphuno: "Uyu ni wa ku Chama, mwana wanga, nunkhizani." Mumanunkhizadi, n'kulipira mwakachetechete. Ngati mpunga wonse wotchedwa wa ku Chama mu Lusaka muno umachokeradi kumeneko, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chachikulu n'chakuti dzina la derali limakweza mtengo wa chakudya pa msika, koma funsani anthu m'minibasi ya ku Chelstone kuti Chama ili kuti, mumve mmene angakanganirane. Wina adzaiika ku Luapula. Wina adzati ni kwa Ansenga, ku Petauke. Ayi, anthu a ku Chama ndi Asenga, popanda "n" uja, ndipo chilankhulo chawo chimayandikana ndi Chitumbuka.

Njira ina imene dzinali limamvekera mu tauni ndi ya misozi. M'chaka cha 2022 boma linalemba nchito aphunzitsi opitirira 30,000 ndi azaumoyo opitirira 11,000, ndipo mukukumbukira mmene anthu anali kusakira maina awo pa foni. Aliyense amadziwako mtsikana uja amene anakhala zaka ndi dipuloma yake m'sutikesi, akugulitsa salaula pa intaneti. Atapeza dzina lake anakuwa ndi chimwemwe. Atayang'ana mzere wotsatira n'kuona kuti amutumiza ku Chama, nyumba yonse inakhala chete. Amalume anayamba kale kufunsa ngati pali amene angasinthane naye malo, azakhali akumupepesa ngati wagwa maliro. Kwa mwana wa mu Lusaka, Chama ni chilango, si kokasangalala.

Chodabwitsa n'chakuti alendo odzaona malo amafika kale m'chigwa chimenecho, ena ochokera ku London ndi ku Frankfurt, ndipo amalipira madola ambiri kuti agone m'tinyumba ta udzu. Kungoti amadutsa m'mwamba.

Kuti mumvetse, yambani ndi mapu. Chama ndiyo distilikiti yaikulu kuposa zonse m'chigawo cha Kum'mawa, ili kumpoto kwenikweni kwa chigawocho. Kum'mawa kwake kuli malire a Malawi, kumadzulo kuli chigwa cha Luangwa, ndipo mbali yaikulu ya dziko lake ili m'dera la nyama la Musalangu, limene malamulo amalola kuti anthu ndi nyama zakuthengo azikhala limodzi. Kutsidya kwa mtsinje kuli North Luangwa National Park, makilomita opitirira 4,600 mbali zonse zinayi a thengo lokhalokha. Kumeneko kuli chinthu chimene South Luangwa ya ku Mfuwe ilibe: chipembere chakuda. Opha nyama mozemba anazitha zonse, moti m'chaka cha 1998 zinalengezedwa kuti zatheratu mu Zambia. M'chaka cha 2003 zisanu zoyamba zinabwera pa ndege kuchokera ku South Africa, mothandizidwa ndi bungwe la Frankfurt Zoological Society limene lakhala likugwira nchito m'pakiyi kuyambira 1986, ndipo zinanso zinatsatira mpaka 2010. Onjezani magulu aakulu a njati, mikango, ndi mtundu wa nyumbu umene umapezeka m'chigwa cha Luangwa chokha. Inu okonda mafilimu, Delia Owens amene analemba buku la Where the Crawdads Sing, lija linasanduka filimu mu 2022, anakhala zaka zambiri m'paki yomweyi pamodzi ndi mwamuna wake wa nthawi imeneyo, asanatchuke ndi nthano.

Mlendo wa madola amatsika ndege yaikulu pa Kenneth Kaunda International, n'kukwera kandege kakang'ono kamene kamakamutula m'thengo momwemo. Amayenda pansi ndi msilikali wa nyama m'mphepete mwa mtsinje wa Mwaleshi, amadya chakudya chimene chinabwera mu mabokosi ozizira, akatha masiku ake amabwerera momwe anabwerera. Pa boma la Chama sapondapo. Sagula nsima, sagula talk time, sakwera njinga yamoto, sadziwa n'komwe kuti mpunga uja amaulima kufupi ndi kumene wagona. Alenje olipira amene amabwera kudzasaka m'dera la Musalangu nawonso ali ndi misasa yawo. Gawo la ndalama za malaisensi awo limayenera kubwerera kwa anthu kudzera m'makomiti a m'midzi otchedwa Community Resources Board, ndipo zikabwera zimathandizadi, koma mayi wophika nsima pa msika sangakhale akuyembekezera cheke cha komiti. Iye afuna munthu wanjala amene walowa pa khomo lero.

Munthu wanjala ameneyo ndi woyenda pa msewu. Ndi inuyo, kunena mosabisa. Ndipo apa m'pamene nkhani ya kokasangalala imasanduka nkhani ya ndale.

M'chaka cha 2011 Pulezidenti Michael Sata atakhazikitsa chigawo chatsopano cha Muchinga, Chama inachotsedwa Kum'mawa n'kuikidwa kumeneko, likulu lake kukhala Chinsali. Pakati pa Chama ndi Chinsali pali Luangwa ndi mapiri, ndiye msewu wochokera pa Matumbo, pa Great North Road, unakhala wofunika mwachangu. Unalowa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000 ya mu 2012, mlatho unamangidwa pa Luangwa, tara inaikidwa mbali ya msewuwo. Mu November 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema anabweza Chama ku chigawo cha Kum'mawa, zimene ambiri kumeneko anali kufuna popeza ubale, chilankhulo ndi malonda awo zimapenya ku Lundazi ndi ku Chipata. Koma kubwererako kunatanthauza kuti khomo lalikulu lakhalanso msewu wa ku Lundazi, umene kwa zaka zambiri wakhala wa dothi ndi miyala, ndipo mvula ikakula mitsinje imaudula pakati. M'zaka khumi, distilikiti imodzi inatembenuzidwa kawiri ngati nsima ya m'poto, ndipo nthawi iliyonse msewu wofunika kwambiri unali uja wosatha. Kusamutsa dera pa pepala kumafuna siginecha imodzi. Kuika tara kumafuna mamiliyoni a kwacha pa kilomita iliyonse.

Wina adzati nanga CDF? Zoona, ndalama za chitukuko cha m'makonsitichuwensi zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo nthawi imeneyo Chama inali ndi makonsitichuwensi awiri, Chama North ndi Chama South. Ndalama zimenezo zimamanga makalasi, zimagula madesiki, zimakumba mijigo, zimakonza timilatho tating'ono, ndipo n'zoyenera kutero. Koma msewu waukulu wa makilomita opitirira 100 si nchito ya CDF, ndi wa boma lalikulu kudzera ku Road Development Agency. N'chifukwa chake nthawi ya masankho iliyonse msewu wa ku Chama umabwereranso pa nsanja ya misonkhano, ukulonjezedwa ndi chipani chilichonse. Mukamva wandale akukamba za kukweza ulendo wa anthu a m'dziko momwe muno kuti aziona dziko lawo, mufunseni za makilomita amenewa. Malonda a pa TV oonetsa njovu dzuwa likulowa ndi otchipa. Msewu ndiye wodula.

Msewu womwewo ndi umene umayankha funso limene okonda kudya amafunsa: malo odyera otchuka ku Chama ali kuti? Musayembekezere mndandanda wa "malo khumi abwino" ngati wa ku Kabulonga. Malo odyera amabadwa pamene pali kasitoma wobwerabwera. Pa boma laling'ono lakutali, kasitoma ndi mphunzitsi amene wabwera kudzatapa malipiro, dalaivala wa lole ya thonje kapena ya mpunga, ndi anthu a misonkhano ya mabungwe amene amadya pa risiti. Ophika amaphika zimene anthu amenewa amafuna: nsima, nkhuku ya kumudzi, nsomba, masamba otendera ndi nsinjiro, mpunga. Taonani bwino mndandanda umenewo. Ndi chakudya chomwe chija mumachilipirira mtengo wa suti pa matebeto mu Lusaka, n'kuchijambula musanadye. Mu tauni nkhuku ya kumudzi ni ya apamwamba. Kumeneko ni nkhuku chabe.

Ndipo mpunga uja, mtengo umene mumalipira pa Soweto si umene mlimi amalandira. Pakati pawo pali wogula woyendayenda, aja timawatcha a briefcase, amene amafika m'mudzi nthawi yokolola mlimi ali ndi ngongole za sukulu. Pali mwini lole amene amawerengera masipuling'i othyoka ndi matayala ophulika mu mtengo wa thumba lililonse. Pali wa chigayo. Msewu ukaipa, onsewa amakankhira mtengo wa kuipako kwa munthu mmodzi amene sangaukankhire kwina. Dziko lathu limagula mpunga kunja chifukwa umene timalima sukwanira, pamene dera limene lili ndi dzina lodziwika kale pa msika likuvutika kutulutsa wake. Pamenepa ine mutu umandipweteka.

Tikambeko za njovu, chifukwa apa m'pamene mlendo wa mu tauni amakhumudwitsa anthu osadziwa. Inu mukaona njovu mumatulutsa foni. Mlimi wa m'chigwa akamva njovu amatulutsa ng'oma, zitini ndi tochi. Mpunga ndi chimanga zikayamba kucha, abambo amagona kumunda pa nsanja, akuotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe kuti utsi wake uthamangitse nyamazo. Usiku umodzi wogona tulo, chakudya cha chaka chonse chapita. Kwa zaka zambiri malamulo athu a nyama zakuthengo sanali kupereka chipukuta misozi kwa munthu wodyeredwa munda. Ndiye mukafika kumeneko n'kuyamba kuti "imwe muli na mwayi, njovu pa khomo penipeni," musadabwe ngati mdala wina angokuyang'anani osayankha. Chokopa alendo chanu ndi chimene chimamugoneka panja.

Njala ikafika pamenepo anthu amadya zimene apeza. M'chaka cha 2011 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax mu mtsinje wa Luangwa m'dera la Chama. Anthu anatola nyama yake, opitirira 500 anadwala ndipo ena anamwalira. Ofufuza atafunsa anapeza kuti ena mwa iwo anali okonzeka kudyanso nyama yotero ngakhale akudziwa kuopsa kwake, chifukwa cha kusowa kwa ndiwo ndi chakudya. Kumbukirani nkhani imeneyi tsiku limene ba mudala aja a pa braai adzakunong'onezani kuti ali na nyama ya m'thengo mu buti ya motoka, yochokera ku chigwa, yopanda mapepala. Simudziwa kuti inafa bwanji, inakhala masiku angati mu msampha wa waya. Ndipo ndalama imene mwapereka ndiyo imatumiza mnyamata wa kumudzi kukatchera msampha wina, iye n'kukathera ku ndende inu mukutsuka mbale.

Pali amene anayesa kumanga mfundo pakati pa mlimi ndi nyama. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 motsogozedwa ndi Dale Lewis, linabwera ndi mgwirizano wosavuta kumva: perekani mfuti ndi misampha, limani mosamala nthaka, ife tidzagula zokolola zanu. Mpunga wa ku Chama, chiponde ndi uchi zolembedwa It's Wild! zimene mumaziona m'mashopu aakulu zimachokera m'njira imeneyi. Sindikuti zathetsa mavuto onse, njovu sidziwa kuwerenga mgwirizano. Koma zinaonetsa chinthu chimodzi, kuti munthu wa mu Lusaka wokankha tolole mu shopu angathe kusintha zochitika m'chigwa popanda kulemba kalata kwa nduna. Ganizo lomwelo ndi limene linabala timisasa ta alendo ta anthu a m'midzi, monga ka kwa mfumu Chifunda m'mphepete mwa Luangwa, pafupi ndi pamene pantuni imaolotsa magalimoto kulowa mu North Luangwa nthawi ya chilimwe. Malo otere ndi amene thumba la Mzambia lingathe kufikapo, makamaka poti nzika zimalipira zochepa pa geti la paki kuyerekeza ndi alendo akunja. Chofunika ndi motoka yamphamvu ya mawilo anayi okoka, ndi anzanu okwanira kugawana mafuta. Vitz yanu ija isiyeni ipume.

Chikhalidwe nachonso chilipo, kungoti chilibe makamera. Asenga ali ndi mwambo wawo wa Kwenje, umene umachitika kwa Senior Chief Kambombo cha mu October. Yerekezani ndi Nc'wala: kumeneko makampani a mafoni ndi mabanki amapikisana kupachika nsalu zawo, mabasi amadzaza, malo ogona mu Chipata amatha mwezi usanafike, oimba otchuka amapeza nchito usiku wonse. Si kuti Angoni okha ndi amene ali ndi magule. Mtenguleni ili m'mbali mwa Great East Road, munthu angachoke mu Lusaka Lachisanu n'kubwerera Lamlungu. Makampani amatsata khamu, khamu limatsata tara. Mwambo wa kutali umatsala wa eni ake, zimene zili ndi ubwino wake, chifukwa simudzapeza tenti ya VIP yokutchingirani kuona, koma mnyamata wa kumeneko amene akanagulitsa zokazinga kapena kunyamula alendo pa njinga yamoto amataya msika wa chaka chonse.

Sindikunamizani kuti ulendowu ni wopepuka. Kuchoka pa Intercity kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kuchoka apo kufika ku Lundazi ena pafupifupi 180, ndiye kutsale chigawo chomaliza chija chimene chimayesa msana. Zonse pamodzi mukukamba za makilomita pafupifupi 900, ndiye kuti kutali kuposa Livingstone pafupifupi kawiri. M'chigwa mumatentha koopsa mu October, muli ntchentche zoluma zija za kashembe, malungo ndi enieni, netiweki imabwera n'kupita. Amene amafuna dziwe losambira ndi DJ apite ku Siavonga, palibe tchimo. Koma njirayo payokha ili ndi zake. Pa Luangwa Bridge pali nsomba zouma ndi madengu, pa Nyimba nthochi zimalowera pa windo, mu Chipata njinga zonyamula anthu zimakuzungulirani ngati njuchi. Ku Lundazi kuli hotela yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, nchito ya bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, malo amene akanakhala mu Lusaka bwenzi maukwati akuimirira pa mzere kukajambulitsa.

Tibwerere kwa mtsikana uja wa dipuloma, chifukwa iye ndi anzake ndi amene angasinthe nkhaniyi mofulumira kuposa nduna. Achinyamata mazanamazana a mu tauni anatumizidwa ku madistilikiti akutali, ndipo aliyense ali ndi foni, ali ndi anzake a ku koleji, ali ndi chipinda chimene mlendo angayalemo matiresi. Zimene alendo a madola amalipirira wowatsogolera, inu muli nazo ulele: munthu wodziwa amene amaphika bwino pa msika, dalaivala wodalirika, mfumu yofunika kukaipatsa moni musanayambe kujambula m'mudzi mwake. M'malo momufunsa mwezi ndi mwezi kuti transfer ifika liti, mufunseni kuti msewu uli bwanji sabata ino.

Nthawi yabwino ilipo kale pa kalendala. Lolemba loyamba la July ndi Lachiwiri lotsatira ndi Heroes ndi Unity, masiku anayi otsatizana mukaphatikiza weekend, ndipo mukapemphako Lachisanu kwa abwana akhala asanu. Mvula imakhala itatha, mitsinje itaphwa, kutentha kusanayambe, misasa ya m'chigwa itatsegulidwa. Mpunga watsopano umakhala utangotuluka m'munda. Nyamulani ndalama za m'manja chifukwa si paliponse pamene foni idzakulipirirani, mankhwala a udzudzu, ndi thumba lopanda kanthu la makilogalamu 25. Pogula, funsani mlimi mwini wake mtengo, ndipo chizolowezi chanu cha pa Soweto chonenerera mpaka wogulitsa alire muchisiye pa Intercity.